Njerwa za Pansi pa Msuku

Linali Lachinayi, pa 14 Julaye 1994, cha m'ma 3 koloko masana, pamene tinatsitsa abambo m'manda kwawo ku Ndunde. Tsikulo ndimalidziwa. Olalo ndimalidziwanso, chifukwa adzukulu akukoka zingwe ine ndinayang'ana wotchi, ngati kuti wina adzandifunsa. Zina zonse za tsikulo ndinkayesa kuti ndikuzidziwa chimodzimodzi.

Ndikatseka maso ndinkaona chonchi. Tandandalika m'kanjira kopyola m'munda. Chimanga n'chachitali kuposa munthu, chobiriwira, ngayaye zikugwedera pamwamba pa mitu yathu. Kukuwaza kamvula. Bokosi lili pamapewa a anthu kutsogoloko, likumira m'masamba n'kutulukanso. Amayi a mpingo akuimba chapansipansi kumbuyo. Kenaka mitengo ya kumanda, ndi dzenje lofiira pansi pa msuku waukulu. Madzi akudontha kuchokera m'masamba a msukuwo, akugwera pabokosi dontho limodzilimodzi. Nsapato zanga zalemera ndi matope.

Chithunzi chimenechi ndinakhala nacho zaka khumi ndi ziwiri, osachikayika.

Abambo anali mkamwini. Anakwatira kwa amayi, m'mudzi wathu wa kufupi ndi Nguludi, ndipo ntchito yawo inali yokhoma zidebe, ndowa ndi mbaula. Ankakhala pakhonde, mbali yowomba dzuwa, kachitsulo ka njanji kali pakati pa miyendo, nyundo ikulira kuyambira m'mawa. Mkamwini akamwalira amabwerera kwawo, choncho maliro awo tinapita nawo ku Ndunde, kumanda a mbumba ya amayi awo. Ife ana kumeneko ndife alendo. Ndipo manda si malo ongolowa munthu ukafuna. Pamafunika chifukwa, pamafunika kudziwitsa amfumu. Zaka zinkapita tisanapondeko.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pasitolo ina yaikulu ku Limbe. Amene analipo zaka zimenezo akudziwa mmene maliro anachulukira. Loweruka unkavala jekete lomwe unavala Lachitatu, n'kukakhala pabenchi lina, pakhomo lina, nyimbo zili zomwezo. Ku Ndunde komweko ndinabwererako kukaika bambo aang'ono, mng'ono wawo wa abambo, patangopita zaka zochepa. Kenaka azakhali. Anzanga a kusukulu, anzanga a kuntchito, ana a anansi. Ndinanyamula mabokosi ambiri moti phewa lakumanja linkadziwa lokha potsamira.

Pano ndikaganiza, ndimaona kuti mutu wa munthu susunga zaka zonse mofanana. Za ubwana wanga zilipo zonse, chilichonse pamalo pake. Ndikhoza kumva fungo la mtovu wosungunuka pa mbaula ya abambo. Ndikhoza kuona mng'alu wa pakhoma la kalasi yathu ku Nguludi, umene unkaoneka ngati mwendo wa nkhuku. Ndikukumbuka kuzizira kwa simenti ya m'tchalitchi pamaondo, m'mawa wa mwezi wa Juni. Koma zaka zimene ndinali bambo wa ana, wopita kuntchito ndi kumaliro, zili ngati nyemba zamitundumitundu zothiridwa m'lichero limodzi. Zilipo, koma kuti unene kuti iyi inachokera m'munda uti, n'zovuta. Izi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo sindinkazidziwa.

Amene anayamba kundionetsa zimenezi ndi amayi.

Kuiwala kwawo kunabwera mwakachetechete. Ankathira mchere kawiri m'ndiwo. Ankapita kudimba n'kubwera opanda khasu. Kenaka anayamba kufunsa za anthu amene anatisiya kalekale, ngati angotuluka kumene. Chilomwe chimene anachisiya ali mtsikana chinabwerera pakamwa pawo, ndipo nthawi zina ankatiyankhula m'chinenero chimenecho mpaka titawakumbutsa kuti ife timangomva pang'ono. Ukawafunsa chimene adya m'mawa, ankakuyang'ana mwaulemu ngati wawafunsa za dziko lina. Koma ukangotchula za kale, nkhope inkawala. Ankadziwa maluwa a pa diresi limene anavala tsiku la ukwati. Ankafotokoza mmene mnyamata wina wokhoma zidebe anabwerera kangapo kudzakonza ndowa ya amayi awo, ndowa imene inali itasiya kale kudontha.

Imfa ya abambo inafufutika yonse. Poyamba tinkawauza zoona. Ankalira ngati uthenga wafika kumene, kugwa pansi, kufunsa chifukwa chake palibe amene anawatumira mawu. Mawa lake ankafunsanso kuti abambo ali kuti. Tinasiya. Tinkangoti apita ku Thyolo kukakhoma zidebe, iwo n'kugwedeza mutu.

"Kumeneko amachedwako," ankatero. "Anthu a m'maesiteti salipira msanga."

Amene ankakhala nawo ndi mlongo wanga, wonditsatira. Ndi iye amene anayambitsa za chiliza, m'chaka cha 2006. Ndinapita kumudzi kumapeto a mwezi, ndipo tili pamkeka akusenda nandolo anati:

"Achimwene, ndawalota abambo. Akhala panja, malaya alibe."

"Maloto ndi maloto, achemwali."

"Anzawo onse agona m'nyumba za simenti. Ife tikudikira chiyani? Kuti nafenso tiiwale ngati amayi?"

Tinagwirizana kuti timange mu Okutobala, mvula isanagwe.

Ku Ndunde amene anatsala woyang'anira mbumba ndi msuweni wathu, mwana wa azakhali aja. Ndi munthu wa nthabwala, wamtali, wosowa mano awiri akutsogolo amene amati anawasiya ku Joni ngati chikole. Zaka zimene abambo ndi bambo aang'ono ankamwalira iye anali komweko ku Joni, ndipo maliro onse awiri anangowamva. Anakadziwitsa amfumu monga mwa mwambo, ndipo tsiku lina m'mawa ine ndi iye tinalowa kumanda ndi makasu.

Mitanda yamatabwa inali itadyedwa ndi chiswe. Mitumbira inali itaphwa, udzu ndi masamba zitaphimba zonse. Masuku anali atayamba kugwa, akuwolera pansi, popeza za kumanda palibe amatola. Msuweni anandionetsa chigawo cha banja lawo. Kumapeto kwake kunali mitumbira iwiri yotalikirana pang'ono. Wina unali pansi pa msuku. Winawo unali poyera, pafupi ndi chulu, pamene dzuwa linkawomba popanda chotchinga.

"Awiriwa ndi amalume anga onse," anatero. "Koma wamkulu ndi uti, wamng'ono ndi uti, musandifunse ine. Inu ndi amene munalipo, asuweni, ndi sukulu yanu yonseyo."

Ndinayenda molunjika kukaima pansi pa msuku. Ndinayang'ana m'mwamba, ndipo ndinaona nthambi yomweyo imene inkadonthetsa madzi. Mtima unakhazikika.

"Ndi pano."

"Mwatsimikiza?"

"Ndinaima apa. Bokosi linalowera uku."

Masana omwewo ngolo inabweretsa njerwa mpaka pamphepete pa manda, ndipo tinazituta pamanja n'kuziunjika pambali pa mtumbira wa pansi pa msuku. Simenti inali kale m'nyumba mwa msuweni. Mmisiri anati abwera Loweruka.

Mlongo wanga anafika Lachinayi kudzaona za chakudya cha anthu. Tinamutengera kumanda kuti aone pamene tafika. Anaima, n'kuyang'ana njerwa, n'kuyang'ana ine.

"Njerwazi zikutani apa?"

"Zikudikira mmisiri."

"Abambo sali apa, achimwene. Ali apo, pachulu."

"Achemwali, ine ndinali kutsogolo. Inu munali kumbuyo ndi azimayi."

"Kumbuyo kuli maso. Ine ndinakhala pansi dzuwa likundiwotcha pamutu, fumbi lili m'kamwa. Mthunzi unalipo pati?"

"Kunkawaza mvula."

"Mu Julaye?"

"Chiperoni."

Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. Msuweni anakhala pa mulu wa njerwa n'kuyamba kupichira fodya.

"Mkazi wanga akuti dzuwa, mlamu wanga akuti mvula," anatero, pakuti mlongo wangayo amamutcha mkazi wake monga amachitira asuweni. "Kapena munapita kumaliro awiri osiyana?"

Palibe anaseka. Nkhaniyo inali yolemera. Chiliza sichimangidwa kawiri. Tikanalakwitsa, dzina la abambo likanakhala pamwamba pa mng'ono wawo mpaka kalekale, iwo ali pambali popanda kanthu. Ndipo tsiku lina ana a bambo aang'ono, amene anabalalikira ku Lilongwe ndi kwina, akanabwera kudzamangira bambo awo pamutu pa abambo athu. Anthu awiri akanagona ndi maina osinthana, chifukwa cha ife.

Tinapita kwa mkulu wina amene anali mdzukulu zaka zimenezo. Tinamupeza akuwothera dzuwa, maso atayera. Anamvetsera bwinobwino, kenaka anati manda onse awiri anakumba nawo, ndipo pena panali miyala yambiri. Titafunsa kuti pati, anati pamene panali miyalapo. Tinathokoza n'kubwerera.

Madzulo ake, tikumaliza kulambula, khasu la msuweni linagunda chitsulo. Kwathu kuno, munthu akaikidwa, pamtumbira pake amasiyapo chiwiya chimene ankagwiritsa ntchito, kapu kapena mbale, ataiboola pansi ndi msomali kuti wina asaitole. Pansi pa msuku panali kapu yoyera, yaikulu, yovundikira, theka lili m'dothi. Titapalasa pachulu tinapezanso ina, yaing'ono, yachikasu, mkombero wake wobiriwira, dzimbiri litaidya m'mbali.

Nditaona yoyerayo ndinamva ngati wina wandigwira paphewa.

"Iyi ndi kapu ya abambo. Ankamwera tiyi m'menemu tsiku lililonse. Achemwali, mukana?"

Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ikufanana nayo," anavomera motsitsa mawu. "Koma ine ndikukumbuka dzuwa."

"Amene anasankha kapu ndani?" anafunsa msuweni.

"Amayi. Anaikulunga pakansalu m'mawa wa tsikulo. Sindinaone kuti ndi iti," anayankha mlongo wanga.

"Ndiye abwere apongozi angawo adzaone."

Ndinakana. Munthu amene sadziwa kuti mwamuna wake anamwalira, ungamuimike bwanji pamanda ake? Ndinali nditaona kale kulira kwawo kwa uthenga watsopano, ndipo sindinkafuna kukuonanso. Ndinanenanso kuti amayi sadziwa ngakhale kuti lero ndi lachingati.

"Za dzulo sadziwa," anatero mlongo wanga. "Koma kapu si ya dzulo."

"Sitiwauza kuti pagona ndani," anawonjeza msuweni. "Angoona ziwiya. Akapanda kuzidziwa, timanga pamene mwanena inu, ndipo mkazi wangayu atseka pakamwa kwa nthawi yoyamba chibadwire."

Lachisanu m'mawa tinawaveka amayi chitenje chawo chatsopano n'kukwera nawo minibasi. Anakhala pawindo, manja ali pamiyendo, akuyang'ana phiri la Chiradzulu ngati munthu amene akumuona koyamba patapita zaka. Potsikira, msuweni anali atatisiyira njinga yake. Ndinapinda nsalu pakaliyala, tinawakweza chammbali, ndipo ndinayamba kupalasa pang'onopang'ono. Mlongo wanga ankabwera pambuyo wapansi.

Kunali kotentha, kopanda mphepo. Minda inali italimidwa kale mizere, yofiira, ikudikira mvula. Utsi wa zinyalala unkakwera mowongoka patali. Amayi anali opepuka moti nthawi zina ndinkacheuka kuti ndione ngati alipo. Kenaka ndinamva dzanja lawo likugwira malaya anga kumsana.

"Inu," anatero, ndi mawu amene sindinawamvepo, mawu a mtsikana. "Pang'onopang'ono pamiyalapa. Mwaiwala kuti ndabereka mwana?"

Ankandiyesa abambo. Mwana woyamba wa amayi ndine.

"Wagona?" ndinafunsa.

"Wagona. Akadzuka tiima pamtsinje paja ndimuyamwitse. Amayi anu akamuona anena kuti mphuno ndi yanu, muona."

Tinapitirira. Ankanditchulira zinthu za m'njira zimene kulibe: mkuyu umene unali pamphambano, nyumba ya munthu wina woweta nkhunda, sitolo ya mmwenye ya khonde lalitali. Pamene ankaloza panali tchire kapena chigayo. Koma mmene ankanenera, ndinayamba kuziona nanenso. Kwa kanthawi sindinadziwe bwino kuti ndine yani panjirapo, wopalasa njinga kapena wogona kumbuyo. Thukuta linkalowa m'maso. Unyolo unkalira mofanana, mofanana.

Titafika pamphepete pa manda anazindikira malowo. Anatsika, anakonza chitenje, nkhope inasintha.

"Kwagwa zovuta?"

"Ayi, apongozi," anatero msuweni, amene ankatidikira pamenepo. "Tikungosesa. Tapeza ziwiya zina, ndiye tati mwina inu mungadziwe eni ake."

"Iwe ndiwe mwana wa yani?"

"Wa alamu anu aakazi. Uja munkamuthamangitsa m'mango."

"Mano anapita kuti?"

"Mango omwewo, apongozi."

Anaseka, ndipo tinalowa. Mlongo wanga anawagwira mkono. Ndinawatsogolera dala pansi pa msuku. Anawerama, anayang'ana kapu yoyera ija, anaikhudza ndi chala.

"Yabwino," anatero. "Ya eni ake."

"Simukuidziwa, amayi?"

"Makapu otere abwera posachedwapa. Aliyense ali nayo."

Anawongoka, maso awo n'kuyamba kuyendayenda. Kenaka anachotsa mkono wawo m'dzanja la mlongo wanga n'kuyenda okha kupita pachulu. Asanafike n'komwe anali atatambasula kale dzanja. Anatola kapu yachikasu ija. Mlongo wanga anafuna kuwaletsa, pakuti za pamanda sizinyamulidwa, koma msuweni anamukodola kuti awasiye.

Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, mkati ndi kunja, mosafulumira.

"Taonani kumene yakhala," anatero. "Ine kufunafuna m'nyumba monse."

"Ndi ya yani, amayi?"

"Funso limenelo? Ya abambo ako. Tinagula ziwiri ku Limbe, sabata ya ukwati wathu. Tinapita wapansi, pobwera mvula inatipeza pa Bangwe. Iwo anati tigule mbale, ine ndinati mbale atipatsa amayi, tigule makapu ofanana." Anaitembenuza. "Apa inagwera pamwala mwana akukwawa, anaimata okha ndi mtovu. Ukuona?"

Ndinayang'ana. Pansi pa chogwirira panali kachigamba kotuwa, kosalala, kamene dzimbiri linakalambalala. Ndinaidziwa ntchito ya dzanja limenelo.

Chala chawo chinapeza bowo la msomali. Anaikweza kumwamba, kadzuwa kanadutsa pabowopo n'kugwera patsaya lawo.

"Anawa," anatero mopanda mkwiyo. "Chilichonse kusewera nacho. Palibe kanthu, aimata akabwera."

Anayamba kuikulunga m'chitenje kuti apite nayo. Mlongo wanga anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Ndi msuweni amene anapeza mawu.

"Isiyeni pompo, apongozi. Amalume anati adzaitenga okha podutsa. Mukaichotsa adzasowa."

Amayi anaganiza pang'ono.

"Anatero?"

"Anatero."

"Chabwino. Koma ivundikiridwe, mungalowe dothi."

Anaibwezera pamene anaitola, anaikanikiza pang'ono kuti ikhazikike. Kenaka anakhala pansi pambali pa mtumbirawo, miyendo atatambasula, dzanja lili padothi lofundalo.

"Pano m'pabwino," anatero. "Abambo ako sakonda mthunzi. Amati umalowa m'msana."

Tinawasiya akhale. Mbalame ina inkalira m'mitengo, kulira kumodzi kobwerezabwereza. Kenaka iwo eni anati tizipita, mwana angadzuke.

Tinafika kumudzi kwathu dzuwa litapendeka. Kachigamba kaja ndinakaona ndi maso anga, komabe msuku sunkachoka m'mutu. Ndinkauona, ndinkamva madontho pabokosi. Kodi munthu angakumbukire bwino chotero chinthu chimene sichinachitike?

Ndinapempha madzi akumwa. Mlongo wanga anapita pamtsuko, anavundukula, anatunga, koma m'malo mondipatsa anaima akuyang'ana chimene chinali m'dzanja lake. Kenaka anandipatsira. Inali kapu yaing'ono. Utoto unali utatha pafupifupi wonse, koma pansi pa mkombero panatsala kachikasu, ndi kamzere kobiriwira. Kapu imeneyi yakhala pamtsuko wa amayi chibadwire changa. Ndamwera m'menemo kosawerengeka. Sindinaiyang'anepo.

Ndinamwa madziwo.

"Nanga yoyera ija?" ndinafunsa. "Ine sindinalote. Abambo ankamwera tiyi m'menemo."

Anakhala pakhonde, akumasula mpango kumutu. Kenaka manja anaima.

"Achimwene, pogawa katundu. Jekete ndi nyundo anatenga ndani?"

"Bambo aang'ono."

"Ndi kapu yomwe. Ndawaona m'maso mwangamu akuiika m'thumba la jekete, chogwirira chili panja. Ndinali nditaiwala."

Choncho kapu yoyerayo inalidi ya abambo, koma amene anagona nayo ndi mng'ono wawo. Aliyense wa ife anali atasunga kachidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kanali koona.

Ndinakhala pakhonde pomwe abambo ankakhala, ndikuyang'ana minda. Ndipo pamenepo ndinaona chimene chinali pamaso panga zaka zonsezo. Chimanga chobiriwira, cha ngayaye. Mu Julaye chimanga chili m'nkhokwe. M'minda mumangotsala mapesi ndi nandolo. Mwana aliyense wa ku Chiradzulu amadziwa zimenezi, ndipo ine ndinadutsa m'chimanga chimenecho m'maganizo mwanga kambirimbiri osadabwa. Mvula ija, matope aja, msuku uja, zinali za mu Febuluwale, tsiku limene tinaika bambo aang'ono. Anthu anali omwewo, nyimbo zomwezo, jekete langa lomwelo. Nkhope zawonso awiriwo zinali zofanana. Penapake m'zaka zimenezo mutu wanga unatenga maliro awiri n'kuwasoka pamodzi, ndipo msoko sunaoneke. Mwina unasankha tsiku la mvula chifukwa ndi limene ndinalira. Pa maliro a abambo sindinalire. Ndinali mwana wamkulu, ndinkathamanga ndi za bokosi, za galimoto, za ufa.

Ndinayesa kufufuza chimene chinatsala cha tsiku lenilenilo. Panalibe kanjira, panalibe nyimbo, panalibe nkhope. Panali wotchi yokha. Ndinaiyang'ana m'maganizo nthawi yaitali, mivi yake iwiri, galasi lake lokandika. Kenaka ndinaona dzanja langa lamanzere likupindika, ndi lamanja likubwera pamwamba pake kudzatchinga. Ndinkatchinga chifukwa galasilo linkanyezimira, manambala osaoneka.

Linali dzuwa.

Amayi anatuluka m'nyumba n'kudzakhala pafupi nane. Za ulendo wa tsikulo zinali zitachoka kale. Anandiyang'ana mwachifundo, ngati mlendo amene wayenda mtunda wautali.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mukudikira eni nyumba?"

"Eya, amayi."

"Apita ku Thyolo. Koma sachedwa."

Mpaka lero, ndikatseka maso, abambo amatsikira pansi pa msuku, mvula ikuwaza. Ndikudziwa kuti si zoona, koma chithunzicho sichinamve nkhaniyi. Chimabwera chonchobe, chokongola, chonyowa. Ndasiya kulimbana nacho. Ndimangodzifunsa kuti ndikadzafika msinkhu wa amayi, chidzatsale n'chiyani. Mwina Limbe yense adzapita, ndi sitolo, ndi maliro onse aja. Mwina ndidzatsala ndi fungo la mtovu ndi kulira kwa nyundo pakhonde, ndipo ana anga adzandiuza kuti abambo apita ku Thyolo, ine n'kuvomera.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi yoyamba. Ndinafika ku Ndunde mame asanaume, mmisiri asanabwere. Msuweni anandiperekeza kumanda akutafuna chinangwa.

"Ndiye sukulu yagonja, asuweni?"

"Gwirani njerwa."

"Ine msana wanga unatsala ku Joni pamodzi ndi mano."

Anagwirabe. Tinatuta njerwa kuchoka pansi pa msuku kupita pachulu, ziwiriziwiri, tikuponda masuku owola. Mulu uku unkachepa, uku ukukula. Zitatsala zochepa ndinamuuza kuti aleke. Zimenezo ndinazindandalika kuzungulira mtumbira wa bambo aang'ono, ndipo kapu yoyera ija ndinaikhazika bwino pakati, kuti ana awo akadzabwera asadzafunse munthu. Kenaka ndinapita pachulu, ndinavula jekete, ndinakhala pansi padzuwa pafupi ndi kapu yachikasu, n'kumadikira mmisiri.